Kamkanjo ka Hana

Pali vesi lina pa 1 Samueli mutu 2 lomwe alaliki ambiri amalidumpha pothamangira nkhani ya ana a Eli, koma ine landigwira mtima chaka chino. Hana, atapereka kale mwana wake ku Silo, ankamusokera kamkanjo chaka ndi chaka n'kukamupatsa popita kukapereka nsembe. Taganizirani, mayiyu ankachita kuyerekeza mumtima kuti mnyamatayo watalika bwanji, poti sankamuona tsiku ndi tsiku. Ndimamukumbukira Hana m'mamawa ndikamakoleza mbaula kuti phala lipse ana asanapite kusukulu, wamng'ono akulira kumsana, yunifomu ya mkulu wake isanaume. Ambirife tinakula tikudziwa kuti chimwemwe cha Mkhristu chimapezeka Lachinayi ku Mvano, titavala zoyera n'kuimba mpaka mawu kusasa. Chimapezekadi, ndipo sindijomba dala. Koma masiku enawo timathera kumjigo, kuchigayo ndi pamzere wa kusikelo, ndipo ndikukana kuti Mulungu kulibe kumeneko. Ndinamuona tsiku lomwe mwana wanga, malungo atamusiya, anapempha nsima koyamba patatha masiku atatu. Misozi inatsika ndili ndi mthiko m'manja. Mayi mnzanga, mukatopa nenani kuti mwatopa, si tchimo ayi. Auzeni bambo a ana akulandireni mwanayo, inu mukhale pansi pang'ono, muthokoze Mulungu chifukwa cha ana amene mwawadyetsa lero.

— Mayi wa Mvano, Blantyre