Liwiro Pa Miseu Ya Chama: Galimoto Siima Pomwepo

Nyengo yokolola mpunga ikafika, miseu ya m'boma la Chama imadzala ndi malole, njinga zamoto ndi ngolo. Amalonda amalowa m'midzi ya kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa kukagula mbeu, ndipo ali yense afuna kufika msanga ku Lundazi. Pamene Boma linayambitsa nchito ya Link Zambia 8000 m'caka ca 2012, mseu wocokera ku Matumbo kudza ku Chama, woloka mtsinje wa Luangwa, unali umodzi wa miseu yofuna kukonzedwa. Mseu wabwino ndi citukuko, koma mseu ukasalala oyendetsa amaonjeza liwiro. Cifukwa cace ndi bwino kuti anthu a m'midzi adziwe m'mene galimoto imaimira.

Ambiri amaganiza kuti woyendetsa akaponda mabuleki, galimoto iima pomwepo. Sizitero ai. Poyamba maso ayenera kuona ngozi, mutu uganize, ndipo pamenepo phazi licoke pa mafuta kupita pa buleki. Kwa munthu wogalamuka izi zimatenga sekondi imodzi kapena kuposerapo. M'sekondi imodziyo galimoto yothamanga makilomita 40 pa ola imayenda mamita 11, ndipo yothamanga makilomita 80 imayenda mamita 22, mabuleki asanagwire n'komwe.

Mabuleki akagwira, mtunda wina uyambika. Pa mseu wa phula wouma, ndi matayala abwino, galimoto ya liwiro la 40 imafuna mamita ngati 9 kuti iime. Ya liwiro la 80 siifuna mamita 18 monga ena angaganize, koma 36. Lamulo la cilengedwe ndi lakuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa mabuleki umawirikiza kanai. Tsono kuphatikiza zonse, galimoto yoyamba iima pa mamita 20, yaciwiri pa mamita 58.

Tanthauzo lace ndi ili. Mwana wa sukulu akadumphira mu mseu mamita 20 patsogolo, woyendetsa wa liwiro la 40 akhoza kuima pafupi ndi mapazi ace. Wa liwiro la 80 adzamgunda phazi lisanafike pa buleki.

Ku Chama bvuto limakula cifukwa miseu yambiri ndi ya dothi ndi timiyala. Timiyala timagubuduka pansi pa matayala, ndipo m'dzinja matope amaterera. Pamalo otere mtunda wa mabuleki ukhoza kuwirikiza kawiri, kotero kuti galimoto ya liwiro la 80 iima itayenda pafupi-fupi utali wa bwalo la mpira. Fumbi la m'cilimwe limabisa wanjinga amene ali patsogolo. Usiku mbuzi, ng'ombe, ngakhale njobvu za m'dambo la Luangwa zimaoneka zili pafupi kale. Lole yosenza matumba kupitirira muyeso, anthu atakhala pamwamba, imalemetsa mabuleki, ndipo pamatsitso amatentha n'kuleka kugwira. Mowa ndi tulo zimacedwetsa phazi.

Dziko lino silinaiwale ngozi ya ku Chibombo ya mu February 2013, pamene anthu oposa 50 anafa basi itaombana ndi lole. Lamulo la Road Traffic Act la 2002 linakhazikitsa bungwe la RTSA kuti liziyang'anira citetezo pa miseu. Koma apolisi ndi a bungweli sangaime pa mudzi uli wonse wa m'boma lalikulu ngati Chama, ndipo wobvulala kwa Chifunda ali kutali ndi cipatala cacikulu.

Nchito yaikulu tsono ili m'manja mwa eni dera. Mafumu ndi aphunzitsi ayenera kupempha zikwangwani ndi zitunda zocepetsa liwiro pa masukulu ndi pa misika. Makolo aphunzitse ana kuyenda ku dzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zobwera, ndi kusaoloka mseu m'fumbi. Okwera nawonso asamacite manyazi kudzudzula woyendetsa wothamanga, pakuti moyo umene uli m'galimotomo ndi wao. Mpunga suonongeka cifukwa cofika pa msika mocedwa ndi theka la ola.