MBIRI YA GULU LA WITCH NDI UDINDO WOSUNGA NYIMBO ZA DZIKO

M'chaka cha 2023, gulu la oyimba la ku Zambia lotchedwa WITCH linatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango, patapita zaka 39 chitulutsireni chimbale chake chomaliza. Amene ankatsogolera nyimbo anali Bambo Emmanuel Chanda, munthu wa zaka zoposa 70, yemwe anthu amamudziwa ndi dzina loti Jagari. Mwa anyamata onse amene anayambitsa gululi, ndi iwo okha amene anatsala ndi moyo. Nkhaniyi siyofunika kwa okonda magule okha ayi. Atsogoleri a Chipani ndiponso onse ogwira ntchito za Boma ayenera kuiganizira mofatsa, pakuti ikusonyeza poyera zimene lamulo la Boma lingathe kuchita, ndi zimene silingathe kuchita palokha.

Gululi linabadwira ku migodi ya mkuwa, mu mzinda wa Kitwe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anyamatawo anakula akumvera nyimbo za rock za ku Mangalande ndi ku Amereka, makamaka za Rolling Stones ndi Jimi Hendrix, ndipo dzina loti Jagari linachokera kwa Mick Jagger, amene Bambo Chanda ankatengera kavinidwe kake. Dzina la gulu ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti cholinga chawo chinali kuyambitsa chipwirikiti. Kunena zoona, dzina lotere silikanakondweretsa mkulu aliyense wosunga mwambo. Kuno ku Malawi, kumene lamulo la nthawi imeneyo linkaletsa amuna kuweta tsitsi lalitali, anyamata otere akanakumana ndi lumo asanagwire n'komwe gitala.

Komabe ntchito yawo inali yooneka. Anatulutsa Introduction, kenaka In the Past, Lazy Bones!! m'chaka cha 1975, ndi Lukombo Vibes m'chaka cha 1976. Poyamba ankangotsanzira Azungu, koma pang'onopang'ono ng'oma za kumudzi zinalowa pansi pa magitala olira mokalipa aja, mpaka panabadwa chamba chimene lero chimatchedwa Zamrock. Sanali okha. Kunali Musi-O-Tunya ya Bambo Rikki Ililonga, kunali Amanaz, kunalinso Ngozi Family ya malemu Paul Ngozi.

Anthu ambiri akamafotokoza za kukula kwa nyimbozi amathamangira kutchula lamulo la Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi ya dzikolo zikhale za anthu a ku Zambia. Lamuloli linali lanzeru, ndipo palibe amene angatsutse kuti linathandiza. Wailesi inasowa nyimbo zokwanira, ndipo woyimba aliyense amene anali ndi luso anapeza khomo lotsekula. Koma amene amaganiza kuti lamulo lokha ndilo linabala Zamrock akuona utsi osaona nkhuni. Pa nthawiyo mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo Boma linali litatenga magawo 51 pa 100 a migodi. Wogwira ntchito mu mgodi ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, kotero kuti ankatha kugula mbale ya galamafoni ndi kulipira pakhomo la dansi Loweruka. Makampani a migodi anali ndi maholo ndi makalabu kumene magulu ankayimba. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yosindikiza mbale, ndiponso Zambia Music Parlour ya Bambo Edward Khuzwayo imene inkajambulitsa ndi kugulitsa nyimbo za anyamatawa. Lamulo linagwera pa nthaka yolimidwa kale.

Umboni wake ndi zimene zinachitika nthakayo itauma. Mtengo wa mkuwa unagwa m'chaka cha 1975 ndipo sunadzukenso kwa zaka zambiri. Ndalama zakunja zinasowa, zingwe za magitala ndi zipangizo zina zinayamba kuvuta, ndipo banja limene linkavutika kupeza ufa silikanagulanso mbale. Pamwamba pa izi, dziko la Zambia linkasunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nalo, ndipo asilikali a Rhodesia ankaponya mabomba m'dzikolo, monga anachitira pafupi ndi Lusaka m'chaka cha 1978. Boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo woyimba amene malipiro ake amachokera ku dansi ya usiku anatsala manja ali m'khosi. Lamulo la pa wailesi silikanatha kubweza chilichonse mwa zimenezi.

Bambo Chanda anasiya gululo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 napita kukaphunzira uphunzitsi wa nyimbo. Otsalawo, pamodzi ndi Bambo Patrick Mwondela woyimba kiyibodi, anatembenukira ku disiko natulutsa Movin' On m'chaka cha 1980 ndi Kuomboka m'chaka cha 1984. Pambuyo pake gululo linangoti zii.

Kenaka kunabwera mliri wa Edzi, umene unasesa oyimba ambiri a Zamrock ali m'kati mwa mphamvu zawo. Pamenepa a Kaunda ayenera kupatsidwa ulemu wawo, chifukwa m'chaka cha 1987 anaima poyera nauza dziko lonse lapansi kuti mwana wawo anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene atsogoleri ambiri ankaopa ngakhale kuwatchula. Koma manda anali atadzaza kale. M'badwo wonse wa oyimba unapita ndi luso lake, ndipo Bambo Chanda, amene kale anthu ankathyola zitseko kuti awaone, anakathera ku ntchito yokumba miyala ya mtengo wapatali, khasu ndi fosholo zili m'manja.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu unapherezera, ngakhale kuti mwa njira yochititsa manyazi pang'ono. Amene anafunafuna mbale zakalezo, nazikonza, nazisindikizanso, anali anthu a kutali. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsa pamodzi nyimbo za WITCH za m'ma 1970 m'chaka cha 2012. Mnyamata wa ku Italy, Gio Arlotta, anajambula kanema wa mbiri ya gululi amene anaonetsedwa m'chaka cha 2019. Oyimba a ku Netherlands, monga Jacco Gardner, analowa m'malo mwa malemu aja, ndipo a Chanda ndi a Mwondela anayambanso kuyimba m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Amereka. M'chaka cha 2024, woyimba wotchuka wa ku Amereka, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family nachiika m'nyimbo yake, kotero kuti anyamata a ku California anamva mawu a Chinyanja osadziwa kuti akuchokera kuti. Chimbale cha WITCH cha 2025 chinatchedwa Sogolo, liwu limene aliyense wolankhula Chichewa akulimva bwino.

Alendowa sayenera kudzudzulidwa. Anachita ntchito yabwino, ndipo anabwezera ulemu kwa anthu okalamba amene dziko linali litawaiwala. Funso lili kwa eni mudzi. Ena adzanena kuti rock ndi nyimbo yachilendo, ndipo Boma lili ndi ntchito zikuluzikulu monga zipatala, misewu ndi feteleza. Zipatalazo n'zofunikadi, koma kunena kuti nyimbozi n'zachilendo ndi kulakwitsa, pakuti gitala nayenso anabwera ndi sitima, koma palibe amene amati nyimbo za Daniel Kachamba kapena za banjo ya Allan Namoko n'za Azungu. Chida chikalowa m'manja mwa mwana wa dziko, chimene chituluke ndi cha dzikolo.

Nkhani imeneyi ikukhudza Malawi mwachindunji. Kwa zaka zambiri, oyimba ambiri a dziko lino analibe kwina kojambulira koposa nyumba ya wailesi ya MBC, ndipo nyimbo zawo zinaikidwa pa matepi. Tepi si mwala. Chinyezi ndi kutentha zimaidya chaka ndi chaka, ndipo makina oiwerengera akusowa. Dziko lili ndi nyumba yosungira mbiri ku Zomba, lilinso ndi bungwe la COSOMA loteteza umwini wa ntchito za aluso. Chofunika n'chakuti akuluakulu oyang'anira za chikhalidwe awerenge tepi iliyonse ndi kuilemba m'kaundula, dzina la woyimba ndi chaka zili pomwepo. Aisamutsire pa makina a makono. Ndipo afufuze ana ndi akazi amasiye a oyimbawo, kuti tsiku limene kampani yakunja idzafike ndi pepala la mgwirizano, padzapezeke wodziwa amene ayenera kusaina ndi amene ayenera kulandira ndalama. Apampando a Chipani m'maboma ndi m'nthambi amadziwa nyumba imene muli mkulu wosunga mbale zakale pansi pa bedi, ndipo ndi iwo amene angayambe kalemberayu asanadikire galimoto yochokera ku Lilongwe.