PAKHOMO PATHU: Ulendo wa ku Liwonde uyendere mwendo wa mzime

Ulendo wathu woyamba wopita ndi ana ku Liwonde tinaulakwitsa tisanatuluke n'komwe pakhomo. Tinawalonjeza mkango. Mwezi wathunthu nkhani ya pamphasa inali mkango basi, ndipo mzime wathu, wa zaka 5, anali atalengeza kale kwa anzake a kusukulu ya mkaka kuti akukaonana nawo maso ndi maso. Tinazungulira m'nkhalangomo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Njovu tinaziona, mvuu zosawerengeka, njiri zikuthamanga michira ili njo m'mwamba. Koma mkango, ayi ndithu. Pofika masana mwana anali atalefuka, thukuta lili kamukamu, madzi atatha m'botolo, akulira kuti, "Ababa, munandinamiza."

Mawu amenewo anatiphunzitsa chimene tikufuna kugawana nanu, makolo anzathu, pamene tchuthi chachitali cha sukulu chikuyandikira. Ulendo wa banja wokaona nyama uzikonzedwa poyang'ana mwana wamng'ono kwambiri: mimba yake, tulo take, mphamvu zake ndi zimene mtima wake ukuyembekezera. Iyeyo akasangalala, aliyense abwerako wokondwa. Iyeyo akavutika, ngakhale chipembere chitaima pamsewu palibe amene achiyang'ane.

Tisanapite patali, tinene kuti ulendowu ndi woyenera kuuvutikira. Dziko lathu lili ndi mapaki asanu: Nyika, Kasungu, Lake Malawi, Liwonde ndi Lengwe, kuphatikizapo nkhalango zotetezedwa za Majete, Nkhotakota, Vwaza ndi Mwabvi. Komabe ana athu ambiri mkango, kambuku ndi nkhwazi amangozidziwira pa chizindikiro cha boma ndi pa TV. Ambirife timaganiza kuti malo amenewa ndi a alendo ochokera kunja, chonsecho Mmalawi amalipira ndalama zocheperapo pachipata kusiyana ndi mlendo. Chofunika ndi kusaiwala chitupa cha unzika.

Ife tinasankha Liwonde chifukwa ndi pofikirika. Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120, ndipo chipata sichili kutali ndi tauni ya Liwonde. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo kuyambira 2015 bungwe la African Parks limaiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Kuchokera nthawi imeneyo nyama zimene zinatha zabwezeretsedwa: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zina 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Njovu zinachuluka mpaka zina zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu.

Apa ndi pamene tinapunthwira. Mikango ilipodi, koma malowo ndi aakulu masikweya kilomita 548, ndipo mkango umatha gawo lalikulu la usana uli gone pamthunzi. Paki si khola. Choncho musalonjeze mwana nyama imene simunaimange chingwe. Muuzeni kuti mvuu ndi ng'ona ndiye zosasowa ku Shire, njovu n'zosavuta kukumana nazo, koma zinazo ndi mwayi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene wauzidwiratu zimenezi amadikira ndi mtima wina.

Nyengo nayo isankhidwe poganizira mwana. M'miyezi ya June mpaka August udzu umakhala utayamba kuuma, nyama zimasonkhana kufupi ndi madzi, ndipo kutentha kumakhala kopiririka. Mu October ndi November nyama zimaoneka bwino kwambiri, koma chigwa cha Shire chimatentha moti mwana wa zaka zochepa safika masana ali bwino. M'dzinja misewu ina ya m'kati imadzadza matope. Tsiku lenilenilo, lowani m'mamawa chipata chikangotsegulidwa, chifukwa nyama zimayendayenda kusanatenthe. Maola awiri kapena atatu m'galimoto ndi okwanira kwa mwana wosafika zaka 7. Ikatha nthawi imeneyo pezani malo ovomerezeka opumulirapo, adye, athamangethamange pang'ono, agone. Ife tinakakamira maola asanu pofuna kuti ndalama ya pachipata isapite pachabe, ndipo amene analipira ndi mwana.

Za ndalama, yambani msanga. M'paki ngati ya Liwonde simulowa wapansi kapena panjinga, ndiye nkhani ya galimoto ndiyo imadya zambiri. Mabanja atatu kapena anayi akhoza kusonkherana n'kuchita hayala minibasi imodzi, bola mugwirizane ndi dalaivala kuti m'pakimo ayenda pang'onopang'ono ndipo wailesi ikhala yotseka. Imbani lamya pasadakhale mufunse mtengo wa pachipata wa akulu, wa ana ndi wa galimoto, nthawi yotsegula ndi yotseka, komanso ngati ana amsinkhu wa anu amaloledwa pabwato. Ulendo wa pabwato pa Shire ndi umene ana amaukonda koposa, koma musakwere ngati palibe majekete oyandamitsa okwana msinkhu wawo. Ngati mugona komweko ndipo ulendo wafika kumapeto a sabata, malizani zogula ndi zolipira Lachisanu dzuwa lisanalowe, kuti Sabata likupezeni mutakhazikika.

Kamba wa panjira achokere kunyumba. Mbatata yophika, chinangwa, nthochi, malalanje, mtedza wokazinga, chigumu ndi buledi sizivuta kunyamula ndiponso sizionongeka msanga. Zakudya za msuzi zikakhala maola ambiri m'galimoto yotentha zimasasa, ndipo kutsegula m'mimba pakati pa nkhalango si nkhani yocheza. Mtedza musapatse mwana wosafika zaka 4 pamene galimoto ikudumphadumpha, angatsamwe nawo. Madzi akumwa tengani ochuluka kuposa mmene mukuganizira, mwana aliyense akhale ndi botolo lakelake, ndipo muziwakumbutsa kumwa asanadandaule ludzu. Zakumwa za shuga sizilowa m'malo mwa madzi. Mwana akayamba kuuma milomo, kufooka, kapena akatha maola ambiri osakodza, m'pititseni pamthunzi ndipo mum'mwetse pang'onopang'ono. M'chikwama musasowe mapaketi a Thanzi ORS, mankhwala ochepetsa kutentha thupi oyenera ana, mabandeji, sopo, zipewa, ndi mankhwala alionse amene wina m'banjamo amamwa tsiku ndi tsiku.

M'mbali mwa Shire udzudzu ndi wambiri. Ngati mugona, nyamulani neti yanu ngakhale atakuuzani kuti ilipo, ndipo madzulo ana avale zamikono yaitali. Malungo saonekera tsiku lomwelo. Amayamba patapita sabata imodzi kapena kuposerapo, banja litaiwala kale za ulendo. Mwana akatentha thupi mutabwerako, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi, ndipo muwauze achipatala kumene munali.

Malamulo a chitetezo akambidwe kunyumba, osati njovu itaima kale kutsogolo. Ife tinawafupikitsa kukhala anayi kuti ngakhale mzime awaloweze. Sitituluka m'galimoto pokhapokha pamalo ololedwa. Sititulutsa mutu kapena mkono pawindo. Sitipatsa anyani ndi apusi chakudya, chifukwa akazolowera amalanda ndi kuluma. Sitiyandikira madzi, ngakhale kukasamba m'manja, chifukwa ng'ona siioneka ikamabwera. Kwa woyendetsa galimoto tionjezere limodzi: njovu ipatseni mpata, makamaka ya mwana, ndipo musaitsekere njira kapena kuiimbira hutala.

Chotsala ndi kuwapatsa ana ntchito. Mwana wongokhala m'galimoto amatopa msanga, koma wopatsidwa kope ndi pensulo amasanduka mlenje wa maso. Wamkulu alembe mayina a nyama ndi mbalame zimene zaoneka, wapakati awerenge milambe, wamng'ono akhale woyamba kufuula chapansipansi akaona nswala. Konzekeraninso mayankho, poti mafunso adzabwera. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22. Mvuu imakhala m'madzi usana pothawa dzuwa, n'kutuluka usiku kukadya udzu. Njiri imagwada pofukula mizu. Ngati thumba likulola, tengani wolondolera alendo wa pakiyo: amaona zimene ife timangozidutsa, ndipo ana amamvetsera mlendo kuposa makolo awo. Mafoni apume, kupatula pojambula zithunzi zingapo.

Tsiku lija, mzime atagona ola limodzi pamthunzi n'kudya nthochi ziwiri, anadzuka munthu wina. Tili pamalo opumulirapo anaona kachirombo kakugubuduza mpira wa ndowe ya njovu, chafutambuyo, miyendo yakumbuyo ili pampirawo. Kanagwera m'kadzenje, n'kuyambiranso. Mwana anagwada pamenepo nthawi yaitali, ndipo ife, amene tinali ndi changu chofuna kukasakanso mkango, tinaugwira mtima n'kukhala naye pansi. Mpaka lero mukamufunsa za ku Liwonde, mkango sautchula. Amakamba za kachirombo kaja, ndipo amafunsa ngati kanakafika kwawo.

Chaka chino tikupitanso. Tayamba kale kuponya kangachepe m'chitini mwezi ndi mwezi, tapangana ndi mabanja awiri za minibasi, ndipo ana tawauza zoona zokhazokha: kuti tidzadzuka kusanache, tidzapuma dzuwa likakwera, ndipo chimene nkhalango idzationetse tsiku limenelo tidzachilandira.