ZA PAKHONDE: Kalata Yozungulira Abale

Tsopano chimanga chiri m'nkhokwe, chisanu chayamba kutsika m'phiri, ndipo madzulo mukhalitsa pamoto. Tsono sabata ino sindinena za manyowa kapena za anankafumbwe ai. Ndifuna tikambirane za kalata.

Tsiku lina pa msika wa Songani ndinakumana ndi mai wina wachikulire amene ndidziwana nao kuyambira kale. Mwana wao wamwamuna anamwalira ku Joni chaka chatha. Zaka 6 zonse zimene anakhala kumeneko mnyamatayo anali kutumiza mau pa WhatsApp, ndipo mdzukulu ndiye anali kuwatsegulira agogo akewo kuti amve. Koma m'dzinja lapitali foni ija inagwera m'madzi pooloka mtsinje, ndipo mau onse anapita nayo. Odziwa za mafoni akuti mauwo akadapulumuka mwanayo akadawasungitsa pa intaneti, koma ndani pamudzi anaganizako zimenezo? Chimene chinandikhudza ndi ichi: m'sutikesi mwao maiwo asungamo makalata 3 a malemu amuna ao, amene anapita ku migodi ndi Wenela chisanafike chaka cha 1974. Mapepalawo achita kufiira ndi ukalamba, komabe awerengeka. A bambo amene anamwalira kale kale akali kulankhula m'nyumbamo, pamene mwana wa dzulo dzuloli sanasiye ngakhale liu limodzi.

Kapena wina mwa inu anena kuti, "Za makalata nza makedzana, dziko lapita patsogolo." Chabwino, koma tamvani za anthu ena amene akhala m'dziko lolemera la America, kumene foni ndi kompyuta ziri ponseponse, koma iwo akali kulemberana ndi manja.

Anthuwa ndi a mipingo imene ichedwa ya Anabaptist, ndiko kuti obatizanso. Dzinali anawapatsa adani ao, pakuti iwo anakana ubatizo wa makanda nayamba kubatiza akulu okha. Anayamba mu mzinda wa Zurich ku Switzerland pa 21 January 1525, ndipo boma la nthawi imeneyo linawazunza koopsa. Mmodzi wa atsogoleri ao, Felix Manz, anamizidwa mu mtsinje wa Limmat m'chaka cha 1527. Popeza anali obalalika, ena obisala, ena ali m'ndende, chimene chinawamanga pamodzi chinali kalata. Buku lao lalikulu lochedwa Martyrs Mirror, la m'chaka cha 1660, ladzala ndi makalata amene omangidwa analembera akazi ao, amuna ao ndi ana ao podikira imfa. Muli kalata ya mai wina, Maeyken Wens, amene anatenthedwa ku Antwerp m'chaka cha 1573, yolembera mwana wake wamwamuna. Papita zaka zoposa 450, ndipo anthu akali kuiwerenga. Musayese kuti anthuwa ndi a kutali kokha ai: Mpingo wa Abale mwa Khristu, umene unafika ku Matopo ku Zimbabwe m'chaka cha 1898 ndi ku Macha ku Zambia m'chaka cha 1906, ndipo ulinso muno m'Malawi, ndi wa mtundu womwewo.

Koma amene ndifuna muwadziwe bwino ndi a gulu lochedwa Amish, amene tsopano apitirira 350,000, ambiri a iwo ku Pennsylvania, Ohio ndi Indiana. Ambiri ndi anthu a kumudzi monga inu, alimi, amisiri a matabwa ndi omanga nyumba. Alima ndi akavalo, ayenda pa ngolo, ndipo ambiri salola foni m'nyumba yogona. Mabanja angapo agwirizana kuika foni imodzi m'kanyumba panja, kuti munthu aipitire pakakhala chifukwa. Nzoona kuti ena a malonda ndi anyamata ayamba kuyenda ndi mafoni a m'thumba, ndipo akulu ao akali kukangana za ichi. Sindikuuzani kuti ndi angelo. Koma pa nkhani ya kalata atiposa.

Ali ndi mwambo umene ife tingautche kalata yozungulira. Anthu angapo, kapena 8 kapena 12, apangana nalemba maina ao ndi makeyala ao pa pepala limodzi. Woyamba alemba nkhani zake natumiza kwa wachiwiri. Wachiwiri awerenga, alemba zake, naika mapepala onse awiri mu envulopu imodzi kupita kwa wachitatu. Itero mpaka itabwerera kwa woyamba uja, ndipo iye achotsa pepala lake lakale, aikamo latsopano, ulendo nuyambanso. Motero munthu agula sitampa kamodzi, koma alandira nkhani za anthu onse. Amene apangana chotere ndi ana a mimba imodzi amene anakwatiwa kutali, asuweni, aphunzitsi, akazi amasiye, ngakhale makolo amene ana ao adwala nthenda yofanana. Makalata ena azungulira zaka makumi makumi osaduka.

Alinso ndi nyuzipepala yao yochedwa The Budget, imene isindikizidwa sabata iri yonse ku Sugarcreek, Ohio, kuyambira m'chaka cha 1890. Nkhani zake zambiri ndi makalata ochokera kwa alembi a m'midzi yao, onena za mvula, za mbeu, za amene wabadwa, amene wadwala ndi amene anabwera kudzacheza. Munthu akagwa m'bvuto, monga kuthyoka mwendo kapena kuferedwa, wina alengeza kuti anthu amtumizire makadi, ndipo afika ochuluka, ena ochokera kwa anthu amene wodwalayo sanawaonepo, ena ali ndi kandalama mkati. Kodi si zomwe tichita ife popita kukazonda matenda ndi kaufa m'mbale?

Tsono ine sindikuti mutaye mafoni. Mwana akadwala usiku, kapena m'bale akafuna kutumiza ndalama ya feteleza, foni ndiyo yothandiza, ndipo wonena zina ndi wabodza. Makolo athu akadaiona akadabvina, iwo amene kalata yao inali kuyenda pa mutu wa munthu, m'masiku aja a amtengamakalata obvala zofiira oyenda pansi kuchokera ku Zomba. Koma foni iri ndi chirema chake. Ifulumiza pakamwa. Munthu akapsa mtima atumiza mau pompo, ndipo m'mawa achita manyazi mau atafika kale kwa apongozi. Wolemba ndi manja ayamba wafuna pepala, wafuna cholembera, wakhala pansi, ndipo pofika pa mzere wachitatu mtima watsika. Chinanso, foni pamudzi ikhala ya mnyamata, ndipo agogo amva zokhazo zimene mnyamatayo afuna, pa nthawi imene iye ali pakhomo ndipo batire liri ndi moto.

Ndipo pali nkhani zina zimene sizifunika kutha ndi mphepo. Mwana wanu ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town atumiza ndalama, akuti theka ndi ya malata, theka ndi ya sukulu ya mlongo wake. Mau oterewa akangonenedwa pa foni, chaka chamawa abale akangana, wina akuti anatero, wina akuti sanatero. Milandu yotere yafika kangati pa bwalo la a mfumu? Akadalemba ndi dzanja lake, naika tsiku ndi dzina, ankhoswe ndi eni mbumba akadakhala ndi poyambira. Koma chenjerani, kalata ya mwana si chikalata cha malo ai. Za munda ndi malire zikhala zodzera kwa a mfumu ndi kwa a Boma monga mwa lamulo.

Mukafuna kuyesa kalata yozungulira, musadikire kanthu kodula. Tengani mapepala a m'kope la sukulu. Werengani ana anu ndi abale amene ali kutali, wina ku Blantyre, wina ku Lilongwe, wina ku Mangochi, wina ku Joni, ndipo mulembe maina ao motsatana ndi njira imene kalata idzayenda. Panganani kuti munthu asaigoneke koposa sabata imodzi, chifukwa chimene chipha kalata yotere ndi waulesi mmodzi amene aiika pansi pa mphasa naiwala. Ingayende pa positi, kapena ndi m'bale wodalirika wokwera basi. Kwa amene ali kunja kwa dziko, kumene mtokoma uchedwa, nayi nzeru: iye alembe ndi manja, ajambule pepalalo ndi foni kuti nkhani ifike msanga, koma pepala lenilenilo alisunge, adzalipereke kwa woyamba kubwera kumudzi.

Ngati simudziwa kulemba musachite manyazi. Kale akazi a amuna a ku Wenela anali kupita kwa aphunzitsi a ku Mishoni ya Domasi kapena kwa mwana wa sukulu kuti awalembere, ndipo palibe amene anawaseka. Itanani mdzukulu wa Sitandade 5, inu munene, iye alembe, ndipo pomaliza akuwerengereni kuti mumve ngati walemba zomwe mwanena. Mwanayo apindulanso, pakuti dzanja lake lizolowera. Lembani m'chinenero chimene mulankhula pakhomo, kaya Chichewa kaya Chiyao.

Ndipo musabvutike kuti mulibe nkhani yaikulu. Wa ku Joni safuna za ndale, azimva kale pa wailesi. Afuna kudziwa kuti mwakolola matumba angati, nandolo wachita bwanji, mbuzi ija yaswa ana angati, ndani wakwatiwa, ndipo mtengo wa mango umene anabzala ali mwana wabereka kapena ai. Mai aja a pa msika ndinawafunsa chimene amuna ao analemba m'makalata atatu aja. Anaseka, nati yoyamba inali yofunsa ngati denga la nkhokwe analifolera, yachiwiri inali ya bulangete limene anatumiza ndi mnzao wa ku Malosa, ndipo yachitatu inali yodandaula kuti ku migodi kulibe chambo.