Nkhata za Pamanda Sizidyetsa Mlembi

Pali bodza limene timalikonda m'dziko muno, ndipo timalinena ndi nkhope zachifundo: lakuti mlembi weniweni salembera ndalama, mphoto yake ndi dzina. Olankhula motere kawirikawiri amakhala anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene angauze mlimi wa fodya wa ku Bolero kapena wa khofi wa ku Phoka kuti akhutire ndi kutamandidwa. Koma akafika pa munthu amene wathera moyo wake wonse pa cholembera, manyazi amawathera.

Boma la Rumphi ndilo malo oyenera kuyesera bodza limeneli. Kuyambira 1894, pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu pa phiri la Khondowe, Livingstonia yakhala ikutulutsa anthu ophunzira amene dziko limawanyadira. Awiri mwa iwo anasankha kulemba mabuku, ndipo zimene anakolola zikutitsutsa.

Woyamba ndi Legson Kayira. Nkhani yake ana asukulu ambiri amaidziwa: mu 1958 ananyamuka wapansi, ali ndi kankhwangwa, bulangete ndi mabuku awiri, kufunafuna maphunziro ku America. Anafika ku Khartoum patatha zaka ziwiri, kenaka ku Skagit Valley College, ndipo pambuyo pake ku Cambridge. Buku la mbiri yake, I Will Try, limene dzina lake linachokera ku mawu a chilimbikitso a sukulu ya Livingstonia, linatuluka mu 1965. Apa ndi pamene ambiri a ife timalekezera, ngati kuti bamboyu atangotsiriza ulendo uja anakhala pansi n'kupuma. Chikhalirecho analembanso The Looming Shadow mu 1967, Jingala mu 1969, The Civil Servant mu 1971, ndi The Detainee mu 1974, buku lonena za munthu wamba wogwidwa ndi ulamuliro wankhanza. Anakhala ku England mpaka imfa yake mu 2012, akudya za ntchito ina ya m'boma la kumeneko. Funsani pa Rumphi boma, kapena pa Bolero, kumene mungagule limodzi la mabuku anayiwa. Miyendo ya a Kayira tinaisandutsa nthano yolimbikitsira ana, pamene ntchito ya manja awo tinaisiyira malaibulale a kunja.

Wina anena kuti imeneyo inali nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi. N'zoona, ndipo sitichepetsa. M'chaka cha 1968 munabwera lamulo lopima mabuku ndi zisudzo, ndipo m'chaka chomwecho Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala za boma, kotero kuti mlembi wa ku Henga kapena ku Nkhamanga analandidwa omuwerenga a chinenero chake tsiku limodzi. Koma ulamuliro umenewo unatha mu 1994. Zaka zoposa 30 zadutsa popanda wapolisi wotiletsa kugula buku. Nanga tsopano tiloza chala yani?

Wachiwiri ndi D.D. Phiri, wobadwira ku Mzimba mu 1931, amenenso anaphunzira pa Livingstonia. Iwo sanathawe. Analemba masewero ngati The Chief's Bride, mbiri za anthu monga John Chilembwe, Inkosi Gomani II, Dunduzu Chisiza ndi m'busa Charles Chinula, buku la From Nguni to Ngoni, ndi mbiri ya Malawi m'mabuku awiri. Analemba m'nyuzipepala sabata ndi sabata mpaka atakalamba, ndipo anamwalira mu 2019. Komabe munthu wakhama chotere anayenera kukhala ndi potsamira pena: atasiya ntchito ya boma anatsegula Aggrey Memorial School ku Blantyre, yophunzitsa anthu kudzera m'makalata. Ngati cholembera cha a Phiri chinafunika mzati wochichirikiza, mnyamata wa ku Mhuju amene akuyamba lero ayembekezere chiyani?

Mphoto ya ntchitoyi ilipo ndithu, koma taonani kumene imagwera. Mphunzitsi wofuna kudziwa za Chinula amatsegula buku la a Phiri. Wandale wofuna mawu okometsera tsiku la Chilembwe amatapa momwemo, nthawi zina osatchula n'komwe mwini wake. Okolola ndife, wolima anali wina.

Mmene timam'dyera mlembi masuku pamutu si chinsinsi. Wosindikiza akalandira buku, gawo la mlembi nthawi zambiri silipitirira limodzi mwa magawo khumi a mtengo wake, ndipo osindikiza amathamangira mabuku okhawo amene alowa pa silabasi ya mayeso a MSCE. Otsalawo amalipira okha makina osindikizira, n'kumayenda ndi mabuku m'chikwama ofesi ndi ofesi ngati ogulitsa mandasi. Abwenzi amapempha laulere. Sukulu imagula limodzi n'kuchita fotokope ena onse, ndipo masiku ano buku lathunthu limazungulira pa WhatsApp mlembi asanabweze ngakhale ndalama ya pepala. Bungwe la COSOMA lilipo kuti liteteze umwini wa ntchito zotere, koma silingaime pa makina alionse a fotokope m'dziko muno. Kutenga thukuta la munthu popanda chilolezo chake ndi kuba, ngakhale wakubayo atavala tayi ndi kunena kuti akuthandiza ana.

Umphawi ulipo, ndipo mayi wogulitsa tomato pa msika wa Rumphi sitikumuimba mlandu. Mlandu uli pa ife amene timagula mayunitsi a foni tsiku ndi tsiku, timasonkha ndalama zochuluka za zinkhoswe ndi maukwati, koma chaka chimatha osagula buku limodzi la Mmalawi. Uli pa aphungu ndi makhansala amene ndalama za chitukuko cha m'madera amaziona ngati za milatho ndi zigwirizano za mpira basi, laibulale ya sukulu ili mbee. Ulinso pa ophunzira akale a Livingstonia, amene ali m'maudindo akuluakulu m'dziko muno ndi kunja. Iwowa atafuna, angathe kukambirana ndi eni umwini wa mabuku a Kayira kuti asindikizidwenso kuno, amasuliridwe m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndi kuikidwa m'sukulu za sekondale zonse za m'boma la Rumphi. Yunivesite ya Livingstonia, imene yakhala pa phiri lomwelo kuyambira 2003, ili ndi aphunzitsi a zinenero oti n'kuigwira ntchito yomasulirayo, ndipo nawonso alipidwe.