Kagemu "kophweka" kanuko, bwanji osakapanga nokha?

Inu amene mukusaka mnyamata kapena mtsikana wodziwa kompyuta kuti akupangireni gemu ya pafoni, lero ndili ndi inu. Mumayamba ndi mawu amodzimodzi: "Ndi kanthu kophweka, kabawo basi, Loweruka ndi Lamlungu wamaliza." Ikafika nkhani ya ndalama mawu amatsika: kabandulo, kathiransipoti, ikadzatchuka tidzagawana. Aise, kugawana chiyani?

Tiyeni titenge bawo yomweyo. Maenje 32, njere 64. Madala a pansi pa mtengo wa mango malamulo ali nawo m'mutu, koma foni sidziwa kanthu. Poyambira kugawa njere, potembenukira, nthawi yodya za mnzako, zonsezo wina ayenera kuzilemba chimodzichimodzi, popanda "mwina". Ndiye mukudziwa kuti pabwalo lililonse pamakhala kamkangano ka malamulo. Inu mwasankha ati? Mukufunanso munthu azitha kusewera ndi foniyo ali yekha. Apo ndiye kuti foni iphunzitsidwe kuganiza, isakhale chitsiru chogonja nthawi zonse, isakhalenso katswiri woti mwana ayesa kawiri n'kufufuta gemuyo. Pali zithunzi, pali mawu. Igwire pa Samsung ya abwana, igwirenso pa itel ya mchemwali wanu yodzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp.

Ndikudziwa, munditchulira Flappy Bird, yomwe Dong Nguyen wa ku Vietnam adatulutsa mu 2013 ataipanga masiku ochepa. Zoona. Koma mkuluyo anali atatha zaka akulemba mapulogalamu. Mmisiri akakhoma chitseko mu ola limodzi simulipira ola, mumalipira zaka zimene adaphunzira kugwira sowo.

Gemu ikatha ndalama sizinathe kutuluka. Akaunti yoikira gemu pa Google Play ndi madola 25, kamodzi. Ya Apple ndi madola 99 chaka chilichonse. Madola, abale, muno momwe foreksi ikusowa chonchi. Akaunti yatsopano ya munthu payekha Google imafuna anthu 12 ayese gemuyo masiku 14 isanapite kwa anthu onse. Android nayo imasintha chaka ndi chaka, ndipo gemu yosakonzedwanso imasiya kuoneka kwa a mafoni atsopano. Adzaikonza ndani, yemwe uja munamupatsa bandulo?

Chimene chimandiwawa n'chakuti ena mwa ochita izi ndife alembi. Ife tomwe timalira m'gulu muno kuti atiitana kukalakatula paukwati n'kutilipira mbale ya mpunga ndi Fanta. Ife tomwe timakwiya wina akatenga nkhani yathu n'kuikapo dzina lake. Ntchito ya m'mutu timati ndi ntchito ikakhala yathu. Ya mnzathu ndi "kungodinadina".

Sindikuti onse olemba mapulogalamu ndi angelo ayi. Alipo olandira ya chikole n'kuzimitsa foni. Koma amene wavomera mtengo wa bandulo ndi yemweyo adzathawe akapeza ganyu yeniyeni, ndipo simudzakhala ndi poyambira kumufunsa, poti palibe chimene mudalemba.

Ndiye lembani. Gemu ichite chiyani, isachite chiyani, ithe liti, kusintha maganizo kangati musanawonjezere ndalama. Lipirani m'magawo, gawo lililonse mutaona chogwira ntchito pafoni yanu, osati zithunzi za pa laputopu yake. Akaunti ya Google Play ikhale m'dzina lanu. Mugwirizane poyera kuti source code, zolemba zenizeni zimene gemu imachokeramo, idzakhala ya ndani, chifukwa fayilo yoika pafoni ija wina sangaikonze bwinobwino popanda zolembazo.

Ngati zonsezi mwaziona zodula, Godot ndi yaulere, maphunziro ali mbwee pa YouTube. Yambani Loweruka likubwerali, Lolemba mudzatiikire kabawo kanuko muno tikayese.