Kukula kwa tayala si kugwira msewu

M'magalaja ndi m'malo otsukira magalimoto, kuchokera ku Biwi mpaka ku Limbe, mwafala mawu akuti mwini galimoto yothamanga akafuna kuti izigwira bwino msewu, angochotsa matayala amene inabwera nawo n'kuika otakata kwambiri pa marimu omwewo. Akuti opanga magalimoto ndi oumira, amaika matayala opapatiza pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo rimu ilibe nazo kanthu bola tayala lalowa ndipo mpweya sukutuluka. Mukafuna kutsutsa amakulozerani magalimoto a mpikisano: "Simuona mmene matayala ake aja alili?" Ife tikuti mawuwa ndi osocheretsa, ndipo amene awatsatira amalipira ndalama zambiri kuti galimoto yake iyende moipirapo.

Mawuwa akuvuta kufa chifukwa muli kachoonadi mkati mwake. Pa phula louma, tayala lotakata limagwiradi kuposa lopapatiza. Labala akapanikizidwa kwambiri pamalo pochepa, mphamvu yake yogwira sikwera molingana ndi kulemerako, komanso amatentha msanga. N'chifukwa chake mu 2017 a Formula 1 anakulitsa matayala awo, akutsogolo kuchoka pa mamilimita 245 kufika pa 305, akumbuyo kuchoka pa 325 kufika pa 405. Chimene anzathuwa sanena n'chakuti chaka chomwecho marimu nawonso anakulitsidwa. Palibe amene anakakamiza tayala la 405 pa rimu yakale.

Titenge galimoto imene ambiri amaitchula pa nkhani ngati izi, BMW M3 ya zitseko zinayi. Ya mtundu wa E90, ya injini ya V8 ija, inatuluka m'fakitale ndi matayala a 245/40 R18 kutsogolo pa rimu yotakata mainchesi 8.5, ndi a 265/40 R18 kumbuyo pa rimu ya mainchesi 9.5. Itabwera F80 mu 2014, matayala anakula kufika pa 255 kutsogolo ndi 275 kumbuyo, ndipo marimu anakhala a mainchesi 9 ndi 10. G80 yotsatira inafika pa 275 ndi 285, marimu ake n'kukhala a 9.5 ndi 10.5. Nthawi iliyonse imene akatswiri a BMW ku Munich anawonjezera tayala, anawonjezeranso theka la inchi pa rimu. Kukanakhala kuti rimu ilibe nazo kanthu, kampani imene akuiti ndi youmirayo ikanavutikiranji kuumba marimu atsopano pa mtundu uliwonse?

Gwero la chisokonezo ndi nambala yoyamba ija yolembedwa pa tayala. Anthu amaiwerenga ngati kuti ndi muyeso wa labala amene akhudza msewu. Ayi ndithu. Ndi kutakata kwa tayala lonse, kuchokera pa khoma la mbali iyi kufika pa khoma la mbali inayo, ndipo amayeza tayalalo litaikidwa pa rimu ya muyeso wake. Mabungwe amene amakhazikitsa miyeso imeneyi, ETRTO ku Ulaya, JATMA ku Japan ndi Tire and Rim Association ku America, amatchula rimu yoyezerapo saizi iliyonse, komanso rimu yopapatiza kwambiri ndi yotakata kwambiri imene tayalalo lingakhalepo. Tayala la 245/40 R18 limayezedwa pa mainchesi 8.5 ndipo limaloledwa kuyambira pa 8 mpaka 9.5. La 275/40 R18 limayezedwa pa 9.5, ndipo rimu yochepetsetsa imene lingalowe ndi ya mainchesi 9. Choncho amene waika 275 pa rimu yakutsogolo ya E90, kapena pa rimu ya Subaru WRX STI imene nayonso inkabwera ndi 245/40 R18 pa mainchesi 8.5, wadumpha malire amene opanga tayalalo anaika okha.

Ndipo 275 yakeyo sakhala nayo. Rimu ikachepa ndi theka la inchi, tayala limapapatiza ndi mamilimita pafupifupi 5. Ikachepa ndi inchi yonse, mamilimita 10 apita. Munthu walipira 275, pa galimoto pali 265, ndipo ngakhale 265 imeneyo ndi ya mimba yotupa m'mbali, osati ya labala wa pansi.

Chimene chimachitika kwenikweni ndi ichi. Milomo iwiri ya tayala imakokeredwa mkati kuti ikakhale pa rimu yopapatizayo. Ikakokedwa choncho, pansi pa tayala pamabulungira, pakati pamatumphuka, mapewa amanyamuka. Labala amene munaguliratu kuti agone pa phula amangolendewera m'mbali, ndipo pakapita miyezi mudzaona kuti pakati ndi pamene padyeka, m'mphepete mukadali mwatsopano. Choopsa kwambiri chili pa khoma. Tayala la galimoto yothamanga limapangidwa ndi khoma lalifupi, loimirira chilili, kuti mukangokhudza chiwongolero galimoto iyankhe pompo. Khoma lopendekera mkati silingatero. Mukalowa pa kona, rimu imayamba yatembenuka, tayala limayamba lapindika kaye, kenako n'kutsatira. Kuchedwa kumeneko n'kwa kanthawi kochepa zedi, koma aliyense amene anatsikapo makona a Golomoti akudziwa kuti pa liwiro kanthawi kochepa ndi mamita angapo. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amene achita zimenezi amayamikira kuti galimoto "yafewa", osadziwa kuti kufewako ndi kumene kwachotsa chimene anagulira galimotoyo.

Palinso masamu amene amakhumudwitsa okonda matayala aakulu. Kukula kwa malo amene tayala likhudza pansi kumadalira makamaka kulemera kwa galimoto ndi mpweya umene mwapopera. Galimoto ya makilogalamu pafupifupi 1,600 imasenzetsa tayala lililonse makilogalamu 400. Mpweya ukakhala pa 2.4 bar, malowo amayandikira masikweya sentimita 160 kapena 170, ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Awa ndi masamu ongoyerekeza, poti khoma la tayala nalonso limanyamulako katundu, koma akutionetsa njira. Mukaika tayala lotakata pa mpweya womwewo, malowo sakula kwenikweni, amangosintha maonekedwe: amafupika kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutambalala m'mbali. Kutambalala kumeneku ndi kumene kumathandiza pa kona. Tsono rimu yopapatiza, pobulungiza pansi pa tayala, imalanda phindu lomwelo.

Nambala yachiwiri nayo amaiiwala. 40 uja si mamilimita, ndi gawo la kutakata kwa tayala: khoma ndi 40 peresenti ya nambala yoyamba. Pa 245/40 khoma ndi mamilimita 98, pa 275/40 ndi 110. Tayala lonse limatalika kuchoka pa mamilimita 653 kufika pa 677, kusiyana kwa pafupifupi 3.7 peresenti. Mukakulitsa onse anayi motere, sipidomita imawerenga mochepa kuposa mmene inkawerengera kale, ndipo wapolisi wa pamsewu amene wakuimitsani ndi kamera yake sadzamva zoti munasintha matayala. Imeneyo ndi nkhani ya chindapusa chabe. Nkhani yaikulu ndi yakuti ABS ndi makina oletsa galimoto kuterereka amagwira ntchito poyerekeza mmene mawilo anayi akuzungulirira. Pa E90, tayala lakumbuyo ndi lalitali mamilimita 669, lakutsogolo 653, ndipo kompyuta ya galimoto inakonzedwa motsatira kusiyana kumeneko. Ikani 275/40 kutsogolo kokha, zinthu zatembenuka, lakutsogolo latalika kuposa lakumbuyo. Pa magalimoto okoka ndi mawilo onse anayi, monga Subaru, Audi ya quattro kapena BMW ya xDrive, matayala osiyana msinkhu mopitirira muyeso amavutitsa zitsulo zogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zitsulo zimenezo si zopeza pa msika wa pafupi.

Ena amati akulitse akumbuyo okha, poti ndiwo aoneka bwino munthu akaima kumbuyo kwa galimoto. Akumbuyo akagwiradi kuposa akutsogolo, galimoto imakana kukhota, mphuno imafuna kupitirira molunjika.

Zonsezi tanena za phula louma komanso losalala, chimene kuno sitikhala nacho chaka chonse. Kuyambira Novembala mpaka Epulo msewu umasunga madzi, ndipo tayala lotakata limakumana ndi madzi ambiri oti liwakankhire kumbali pa mita iliyonse. Likalephera limakwera pamwamba pa madziwo, chiwongolero n'kupepuka m'manja, ndipo izi zimayamba pa liwiro locheperapo kusiyana ndi tayala lopapatiza la mtundu womwewo. M'malo amene magalimoto akuluakulu anakumba mikwasa pa phula, monga m'zigawo zina za M1, tayala lotakata limakonda kutsatira mkwasawo, dalaivala n'kumalimbana ndi chiwongolero ulendo wonse. Onjezani nkhani ya mafuta, poti tayala lolemera komanso lotakata limadya ochulukirapo, ndi kukhula. Tayala lotupa m'mbali limatha kukhula shoko kapena madigadi, ndipo nthawi zambiri silikhula galimoto ili pa jeke m'galaja. Limadikira tsiku limene mwanyamula anthu anayi, mwapinda chiwongolero chonse, n'kugwera m'dzenje.

Pali mfundo imodzi ya anzathuwa imene sitiitsutsa: tayala lotupirako pang'ono limatchinjiriza mlomo wa rimu kuti usapalike pa konkire ya m'mphepete mwa msewu. N'zoona. Ndipo kukwera sitepe imodzi, bola muli m'malire a opanga tayala, si mlandu. 255/40 R18 imaloledwa pa rimu ya mainchesi 8.5, ngakhale ili pa malire enieni a pansi, ndipo imatalikitsa tayala ndi 1.2 peresenti yokha. Koma musayembekezere galimoto yatsopano pa mamilimita 10. Kusiyana kwa labala wabwino ndi labala wachabechabe pa saizi imodzimodzi n'kwakukulu kuposa pamenepo, makamaka pa mabuleki msewu uli wonyowa.

Tinene chilungamo: ambiri mwa amene akuyendera saizi yolakwika sanayambe ndi maganizo a mpikisano. Anapita kwa ogulitsa matayala a kaunjika, saizi yawo inalibe, ndipo wogulitsa anawatulutsira imene inalipo n'kuwauza kuti "ili ndiye labwino, n'lotakata". Malonda ndi amene anabala chiphunzitsochi. Pa tayala lotere, nambala zofunika kuziyang'ana ndi zina. Pali nambala zinayi zomaliza pa mzere wa DOT, zimene zimanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019, ndipo Michelin imalangiza kuti tayala lisapitirire zaka khumi ngakhale likuoneka labwino. Palinso nambala ya katundu ndi chilembo cha liwiro: 93Y ikutanthauza makilogalamu 650 ndi makilomita 300 pa ola, pamene H ndi 210 basi. Tayala la 275 la zaka zisanu ndi zitatu la chilembo H silingafanane ndi 245 yatsopano ya chilembo Y.

Amene akufunadi 275 kutsogolo kwa E90 ayambe wagula rimu ya mainchesi 9.5. Aone nambala ya ET yodindidwa kuseri kwa rimuyo, imene imanena mmene rimu ilowera kapena kutulukira, ndipo makaniko ayeze mpata wa ku shoko ndi ku madigadi chiwongolero chitapindidwa mbali zonse ziwiri. Asankhe 275/35 osati 275/40, kuti msinkhu ukhale pa mamilimita 650, pafupi ndi 653 wa ku fakitale, kenako aganizirenso akumbuyo, poti tsopano akutsogolo awaposa kutakata. Amenewo ndi marimu anayi ndi matayala anayi, kuphatikizapo kukayezetsa alainimenti.